Za obsidian ndi BP ya amayi anu

Achemwali, mwafunsa ngati mwala wa obsidian ungatsitse BP ya amayi anu. Ayi, sungatsitse. Mankhwala amene anawapatsa ku kiliniki asawasiye ngakhale tsiku limodzi.

Mwalawu ndi galasi lachilengedwe. Umapangika chiphalaphala cha m'phiri lophulika chikazizira mwamsanga, n'chifukwa chake umakhala wonyezimira, ndipo kawirikawiri umakhala wakuda bii. Ukasweka, m'mphepete mwake mumathwa ngati lumo. Aaziteki a ku Mexico ankasema mipeni ndi magalasi odziyang'anira ndi mwala umenewu, ndipo dzina la mulungu wawo Tezcatlipoca limatanthauza galasi lofuka utsi. Kuno ku Africa umapezeka kwambiri ku Kenya, cha ku Naivasha, ndi ku Ethiopia. Ogulitsa ena amati umathamangitsa mizimu yoipa ndi kuyeretsa magazi, koma zimenezi ndi zikhulupiriro chabe.

Inenso ndili nawo umodzi, mphatso ya malemu agogo anga. Madzulo ndikafika kunyumba ku Chilenje mu Lusaka nditatopa, ndimaugwira m'manja ndikupuma pang'onopang'ono, ndipo mtima umakhala m'malo. Chimene chimandithandiza ndi kukhala phee kumeneko ndi kukumbukira agogo, osati mphamvu ya mwalawo. Ngati amayi akuukonda, auvale m'khosi, palibe vuto. Koma musaupere n'kuwamwetsa m'madzi, tizidutswa take timacheka.

Akayamba kumva mutu waukulu, chizungulire, kuona mwachimbuuzi kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, musadikire kuche. Thamangirani nawo ku UTH, chipatala chachikulu cha ku Lusaka, kapena kuchipatala chapafupi usiku womwewo.