Wotchi yopanda batire yovalira suti: mtengo wonsewo ukupita pati?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene akufuna wotchi yovalira suti. Akuti: "Ndaona mawotchi a automatic a Patek Philippe, Vacheron Constantin ndi Jaeger-LeCoultre. Nkhope yake ndi yoyera mbee, mivi iwiri kapena itatu basi, lamba wachikopa. Ndamvanso kuti amataya nthawi kuposa wotchi ya batire yotchipa. Nanga mtengo wonsewo ukupita pati? Ndipo ndikafuna kugula yoti wina anavalapo kale, ndiyang'ane chiyani?"

Bambo, za kutaya nthawizo munamva zoona. Wotchi ya batire ili ndi kamwala ka quartz konjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo pamwezi wathunthu imaphonya masekondi ngati 15 okha. Injini ya wotchi ya makina imene yakhoza mayeso a masiku 15 a bungwe la COSC ku Switzerland imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga masekondi 6 pa tsiku limodzi. Mpikisano wa kusunga nthawi molondola unatha mu December 1969, Seiko itatulutsa Astron, wotchi yoyamba ya quartz yovala pamkono kugulitsidwa. Ngati mukungofuna nthawi yolondola, ndalama zanuzo zisungeni.

Chimene mukulipira kwambiri ndi kupyapyala.

Wotchi yovalira suti iyenera kulowa yokha pansi pa mkono wa shati osakodwa. N'chifukwa chake zambiri zimakhala mamilimita 34 mpaka 39 m'mimba mwake, ndipo kuchindikala kwake sikupitirira mamilimita 10. Zabwino kwambiri zimathera pa 7 kapena 8. Maonekedwe amene mwaonawo anakhazikika mu 1932 ndi Calatrava ya Patek Philippe, nambala 96: yozungulira, mamilimita 31, mkombero wopyapyala, timizere m'malo mwa manambala, ndi kamuvi ka masekondi pakekha pansi, pa 6 koloko. Koma imeneyo inali yopukusa ndi zala. Mavuto anayamba pamene anthu anafuna kuti wotchi yotere izidzipukusa yokha.

Mu wotchi ya automatic muli kachitsulo kolemera kooneka ngati theka la mwezi, kotchedwa rotor. Mukagwedeza mkono, iko kamazungulira, timagiya n'kutenga mphamvuyo kukamangira sipuling'i yaikulu. John Harwood wa ku England anayamba ndi kachitsulo kongopita uku ndi uku n'kumagunda m'mbali, cha mu 1923. Rolex mu 1931 inabweretsa kozungulira mbali yonse. Kuipa kwake, rotor imakhala pamwamba pa injini ngati nyumba yosanjikiza. Ma Rolex a nthawi imeneyo anatumbika kumsana mpaka anthu anawapatsa dzina loti Bubbleback. Patek Philippe inadikira mpaka 1953 kuti itulutse automatic yake yoyamba, nambala 2526, ya mamilimita 36.

Amisiri anapeza njira ziwiri zochepetsera msanawo. Yoyamba ndi kuchepetsa rotor n'kuikwirira m'kati mwa injini momwemo, pambali pa magiya ena. Universal Genève ndi Büren anayamba zimenezi m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1960 Piaget inatulutsa injini ya 12P ya mamilimita 2.3 okha. Patek Philippe ili ndi 240 yake ya mu 1977, ya mamilimita 2.53, imene ikupangidwabe. Rotor yaing'ono ilibe mphamvu yokoka ngati yaikulu, ndiye amaipanga ndi golide wa makarati 22 kapena pulatinamu. Si kunyada ayi. Golide amalemera kuwirikiza kawiri kuposa chitsulo cha msinkhu womwewo, ndipo popanda kulemerako kanthuko sikangamange sipuling'i.

Njira yachiwiri ndi kusiya rotor yaikulu koma kuipyapyalitsa, kulemera konse n'kukukankhira m'mphepete. Jaeger-LeCoultre inachita zimenezi mu 1967 ndi injini ya 920, ya mamilimita 2.45, imene rotor yake imayenda pa timawilo tinayi ta mwala wolimba wa ruby m'malo modalira kamtengo ka pakati kokha. Chodabwitsa n'chakuti eni akewo sanaiike m'mawotchi awo. Anaigulitsa kwa Audemars Piguet, Vacheron Constantin ndi Patek Philippe. Yerekezani ndi ETA 2824-2, injini yolimba imene ili m'mawotchi ambiri a mtengo wapakati: mamilimita 4.6. Kusiyana ndi mamilimita awiri basi. Koma kuti muchotse awiri amenewo, giya lililonse, sipuling'i ndi mbale zogwira zonsezi ziyenera kupyapyala, ndipo mpata pakati pa giya ndi linzake umatsala ngati tsitsi limodzi. Mmisiri akangomanga chotsekera kumsana mopitirira muyezo, injini imapindika pang'ono n'kuyamba kukhula. Ntchito yosonkhanitsa ndi kutchera injini yotere imadya masiku, ndipo amisiri oidziwa ndi ochepa.

Ndalama ina ili pankhope. Nkhope yopanda zambiri ilibe pobisa cholakwa. Pa wotchi yabwino timizere ta maola si tojambula. Ndi tizitsulo ta golide tosemedwa patokha, tokhala ndi timiyendo tolowa m'tizibowo ta nkhopeyo. Mivi yosongoka yotchedwa dauphine amaipinda pakati kuti ikhale ndi mbali ziwiri. Mukapendeketsa mkono, mbali ina imawala ina n'kuda, ndipo nthawi imaoneka ngakhale m'chipinda cha kuwala kochepa popanda utoto wonyezimira usiku. Nkhope zina, monga ya 2526 ija, ndi za enamelo: ufa wa galasi woikidwa pa chitsulo n'kuwotchedwa pa madigiri pafupifupi 800, kangapo konse. Zambiri zimang'aluka kapena kutuluka matuza m'ng'anjo n'kutayidwa. Yomwe yapulumuka sisuluka ngakhale patapita zaka 70, koma ikagwa pansi imasweka ngati mbale yadothi.

Pali kanthu kena kamene maso osazolowera sakaona msanga. Yang'anani pamene pali kamuvi ka masekondi kapena kawindo ka deti. Tikakhala pafupi ndi mphepete mwa nkhope, ndiye kuti injini inapangidwira thupi limenelo. Tikathawira pakati, n'kusiya danga lalikulu kunsi, ndiye kuti aika injini yaing'ono m'thupi lalikulu potsatira fasho ya mawotchi akuluakulu. Muvi wa mphindi nawonso uzifika pa timadontho ta mphindi, usamathere m'njira. Kwa ine, deti pa wotchi yotere ndi chipsera, koma amene amasaina makalata tsiku lonse angatsutse, ndipo ali ndi mfundo.

Za kukongoletsa injini sindichulukitsa. Mizere yokongoletsa mbale za injini, yotchedwa Côtes de Genève, makina amatha kuipanga. Chovuta ndi m'mphepete mwa mbale, mmene amasema mopendekera n'kupukuta mpaka kuwala. Pamene mizere iwiri yakumana n'kupanga kona yakuthwa yolowa m'kati, pamenepo padutsa dzanja la munthu.

Tsopano za kugula yakale. Yambani ndi thupi. Golide wa makarati 18 amadindidwa 750, pulatinamu 950, ndipo chidindocho chimakhala kumsana, m'mbali kapena kuseri kwa tinyanga togwira lamba. Chikaoneka chofufutika, dziwani kuti wotchiyo yapukutidwa pa makina kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse pamachoka golide amene sabwereranso. Tinyangato tizikhala ndi m'mbali mwakuthwa, tofanana kunenepa tonse tinayi. Tikaoneka ngati sopo wotha, musagule pa mtengo wa yabwino.

Nkhope muione ndi galasi lokuzira ka 10. Zilembo zoyambirira zimakhala zowonda, zofanana, za m'mbali mosalala. Zilembo zonenepa, zonjenjemera, kapena timadontho ta mphindi tosalunjika pa timizere ta maola, ndi chizindikiro choti nkhopeyo inapentedwanso, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri. Wotchi ya m'ma 1950 yokhala ndi nkhope yoyera ngati yadzulo, pomwe si ya enamelo, ikayikireni. Timadontho ta ukalamba si vuto. Vuto ndi dzimbiri pa mivi kapena banga lozungulira m'mphepete, chifukwa limasonyeza kuti munalowapo madzi.

Kenako iikeni pakhutu n'kuipendeketsa pang'onopang'ono. Rotor iziyenda mwakachetechete. Mukamva kukhula kapena kugogoda, kamtengo kake kadyeka, ndipo wokonza akatsegula mudzaona mzere wozungulira wokalika m'kati mwa chotsekera. Pukusaninso ndi zala. Ngati mukumva wotchi yonse ikunjenjemera chifukwa rotor ikuzungulira limodzi ndi zala zanuzo, timagiya totembenuza mphamvu tauma mafuta.

Musalipire musanaione pa makina oyezera a wokonza mawotchi. Amatenga mphindi zochepa. Nambala yofunika kwambiri si ya masekondi, koma ya kutalika kwa kugwedezeka uku ndi uku kwa wilo la balance, limene ndi mtima wa wotchi. Itapukusidwa mokwana n'kugonekedwa chagada, izionetsa madigiri 270 mpaka 310. Ikatsika pansi pa 220, mafuta auma kapena sipuling'i yatopa, ngakhale wogulitsa alumbire kuti imasunga nthawi. Funsaninso ngati zipangizo za injiniyo zikupezekabe, chifukwa makampani ambiri akuluakulu sagulitsa zipangizo kwa amisiri oima paokha, ndipo mungakakamizike kuitumiza kwa eni ake n'kudikira miyezi.

Mukagula, dziwani kuti mawu oti automatic amanamiza ambiri. Munthu wokhala pa desiki tsiku lonse sagwedeza mkono mokwanira, makamaka ngati rotor yake ndi yaing'ono ija. Ambiri mwa mawotchi akalewa amasunga mphamvu ya maola 38 mpaka 48, ndiye mukaivula Lachisanu madzulo, Lolemba mudzaipeza itaima. Ivuleni pamkono, muipukuse ka 30 kapena 40, kenako mutchere nthawi. Kupukusa ili pamkono kumapinda kamtengo kolowa m'injini. Musaope kuti mudula sipuling'i: ya automatic ikadzaza, nsonga yake imatsetsereka yokha m'kati mwa kang'oma kake. Ngati ili ndi deti, musaisinthe mivi ili pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo kadzino kosintha deti kamakhala katagwira kale ndipo kangathyoke. Yambani mwapititsa mivi pa 6 koloko.

Ikayamba mwadzidzidzi kuthamanga mphindi zingapo pa tsiku, musathamangire sevisi. Nthawi zambiri ndi maginito a sipika, chikuto cha foni kapena chotsekera chikwama amene amata timizere ta kasipuling'i konga tsitsi ka pa balance. Kakamatana kamafupika, wotchi n'kufulumira. Wokonza amachotsa maginitowo m'masekondi ochepa osatsegula n'komwe.

Mawu oti mamita 30 olembedwa kumsana atanthauza madontho a posamba m'manja, osati kusambira, ndipo pa wotchi yakale ingotengani ngati palibe chilichonse chotchinga madzi. Mukaona nthunzi pansi pa galasi, pitani nayo kwa wokonza tsiku lomwelo, dzimbiri lisanayambe. Sevisi yonse, yophwasula, kutsuka, kuthira mafuta atsopano ndi kusintha timalabala, imafunika pakapita zaka 5 mpaka 7. Poipereka, lembani papepala kuti asapukute thupi, asasinthe nkhope kapena mivi, ndipo kalikonse kamene achotsa akubwezereni m'kathumba.