Wafunsa za netiweki, nanga akakulowetseni m'mudzimo ndani?

Mdzukulu wanga wina wandilembera kuchokera ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti iye ndi amuna ake tauni yawakwana: lendi ikungokwera, madzi amatuluka pakati pa usiku, bala ya kuseri kwa nyumba siyizimitsa nyimbo, ndipo ana awo awiri alibe posewerera koma mumsewu wodutsa njinga za kabaza. Bambowo ntchito amagwirira pa kompyuta, choncho akhoza kukhala kulikonse kumene kuli magetsi ndi netiweki. Akufunsa kuti pakati pa Dedza, Nkhoma, Mchinji ndi Salima, kwabwino kulererako ana n'kuti. Wamaliza ndi kunena kuti akufuna malo a phee, oti amange mpanda wawo, anthu asamawasokoneze.

Mwana wanga, wachita bwino kufunsa usananyamule katundu. Za malowo sinditaya nazo nthawi, chifukwa konseko anthu akukhala ndipo ana akukula. Ku Dedza udzudzu ndi wochepa, kachewere ndi kabichi n'zotsika mtengo, msewu wa M1 uli pakhomo, koma Juni ndi Julaye kumazizira moti mwana wosazolowera amasweka milomo. Ku Nkhoma, ukakhotera pa Kamphata, kuli chipatala cha mishoni chimene anthu amachokera kutali kudzaonetsa maso, ndipo sukulu n'zakalekale, pakuti amishoni a Dutch adakhazikika pamenepo mu 1896. Ku Mchinji nthaka imabereka mtedza, soya ndi chimanga, ngati amuna akowo angathe kugwira khasu. Ku Salima mudzadya nsomba ndi mpunga, koma kutentha kwa Okutobala ndi malungo a ana muziwerengeretu. Kulikonse mungasankhe, mukakuone mu Febuluwale mvula ili pakati, muone ngati galimoto imafika komanso ngati pulotiyo si dambo. Mukapitenso mu Okutobala, mukaime pamjigo m'mawa, muone mzere wa zidebe. Ndipo chichitikire za namondwe wa Freddy mu 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, munthu asamange m'tsinde mwa phiri asanafunse akuluakulu a pamalopo kumene madzi amadzera. Walira mvula walira matope.

Koma kalata yako ndaiwerenga mpaka pansi, ndipo sindinapezemo mfumu. Muli magetsi, muli netiweki, muli sukulu ndi chipatala, mulinso mpanda. Funso loti "akatilandira ndani kumeneko" mulibe. Ilo ndilo ndikufuna kukuyankha.

Ife tikukula, munthu sankangotulukira m'mudzi ndi katundu pangolo. Ankayamba wapeza munthu wa m'mudzimo womudziwa, kaya ndi mkulu wa mpingo, kaya mphunzitsi, kaya mnzake amene adagwira naye ntchito ku Joni. Ameneyo ndiye ankapita kwa nduna kukanena kuti kuli mlendo akufuna pokhala. Nduna inkakauza mfumu, mfumu n'kutchula tsiku. Tsikulo bambo ankanyamula tambala, mayi ufa m'lichero wovundikira ndi kansalu, ana ali pambuyo osamba bwino. Pofika pabwalo simunkakhala pampando ayi, ngakhale akupatseni. Bambo ankanjuta n'kuwomba m'manja, mayi atagwada chapatali, chitenje chili m'chiuno. Ndipo mlendo sankayamba kulankhula yekha. Wokuperekeza uja ndiye ankati, "Gogo chalo, ndabwera ndi anthu awa, akupempha pogoneka mutu."

Mafunso a mfumu ndimawakumbukira bwino, chifukwa ine ndi anzanga tinkabisala kuseri kwa nkhokwe kumvetsera. Kwanu n'kuti? Mfumu yanu ndani? Mfunda wanu ndi uti? Mwachoka bwanji kumeneko, mwatsanzika kapena mwathawa mlandu? Ankhoswe anu ali kuti? Munthu ankatulutsa kalata ya mfumu ya kumene akuchokera, wopemphera n'kutulutsanso ya kumpingo. Mlendo akati ndine Phiri, pankapezeka nkhalamba ina pakati pa anthu yofuula kuti, "Ameneyo ndi mlongo wanga!" Mayiyo akati ndine Nabanda, a Banda onse a m'mudzimo ankamutenga ngati wawo. Munthu wobwera m'mawa wopanda mbale ankagona madzulo ali ndi amalume, azakhali ndi asuweni oti azinyozana nawo pachitsime.

Zikatha apo, mfumu ndi nduna zake ankanyamuka nawo kukawadulira malo. Ankayenda malire onse ndi miyendo, eni minda yoyandikana nayo ali pomwepo, wina akukhoma zikhomo, wina akubzala nkhadze kapena khonje m'makona. Ana a m'mudzi tinkatsatira pambuyo, osadziwa kuti akutisandutsa mboni za mawa. Mpaka lero ndikhoza kukulozera pamene padathera munda wa banja lina limene lidafika kwathu ndisanathe msinkhu, chifukwa nkhadze yake ndidathirira ndine.

Ndipo pobwerera, mfumu inkaima n'kuloza ndi ndodo: uko ndi kumanda, nkhuni kumeneko sititola, mtengo sitidula. Njira iyo imapita kudambwe, wosameta sadutsako. Gule akatuluka, mupatuke, ana muwagwire. Kukagwa zovuta m'mudzi muno, khasu limagona, kumunda sikupitidwa mpaka titaika. Mawu anali ochepa choncho, koma mlendo ankadziwiratu poponda.

Mwambo umenewu tidauona mphamvu yake nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anthu adakhamukira m'midzi ya m'malire ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena atangonyamula mphika ndi mwana kumsana. Kumeneko malire ndi msewu chabe, tsidya lino Malawi, tsidya ilo Mozambique, ndipo ambiri anali a chilankhulo chathu chomwechi. Ambiri mwa iwo adadzera kwa mafumu, adafunsidwa mfunda, adalozeredwa pomanga kanyumba. Mtendere utabwera mu 1992 n'kuyamba kubwerera kwawo, kudali kulirana ngati pamaliro, ndipo ena adasiya ana awo atakwatiwa konkuno. Mayi wina amene tinkasinja naye pamtondo umodzi adandisiyira mbewu ya nyemba imene ndidabzala zaka zambiri.

Lero ndikuona zina. Munthu amamva za puloti pa Facebook, amatumiza ndalama pafoni, amalandira kapepala kodinda chidindo, mawa lake lole ya njerwa yafika. Choyamba kumanga ndi mpanda, nyumba pambuyo. Anthu a m'mudzi amangoona geti lachitsulo likutseguka, galimoto n'kutuluka magalasi ali otseka. Dzina lake salidziwa, amangoti "a kumpanda aja". Sindikunena kuti ana a masiku ano ndinu oipa mtima ayi. Palibe adakuuzani, ndipo m'tauni mudazolowera kuti woyandikana naye nyumba ndi munthu wongopatsana moni pageti. Komatu kumudzi kumene ukufuna kupitako, bata limene ukulifunalo amalisunga ndi anthu omwewo ukuti asakusokoneze. Wakuba akalowa m'khola usiku, polisi ili kutali. Chimene chimamubweza ndi mfuu ya mayi wa nyumba yoyandikana nayo ndi amuna otuluka ndi zibonga. Mwana akatentha thupi pakati pa usiku, wa njinga yamoto amene angadzuke ndi amene umamudziwa dzina.

Kwathu kudabwera bambo wina wopuma pantchito ya boma, munthu wophunzira, waulemu wake ndithu. Adagula malo, adamanga nyumba ya malata ofiira, mpanda wautali. Kukagwa maliro ankatuma mnyamata wantchito ndi envelopu. Mkazi wake sadaonekepo pasiwa, sadasenzepo mtolo wa nkhuni kapena kambale ka ufa. Anthu sadanene kanthu, envelopu ankalandira. Tsiku lina mdzukulu wawo amene ankakhala naye adamwalira mwadzidzidzi. Uthenga udapita kwa mfumu, mfumu idauza anyamata okumba manda. Anyamata adapita kumanda m'mamawa, adakhala pansi pa mtengo, makasu ndi mapiki atawagoneka pambali. Dzuwa lidakwera, nthaka sidakhudzidwe. Kunyumba kuja amayi adabwera, koma adangokhala panja pa geti, nyimbo osayamba, moto osakoleza. Ndidamuona bambo uja akutuluka, jekete ali nalo m'manja, akuyenda wapansi kupita kwa mfumu, njira imene anali asanaipondepo. Adagwada pafumbi. Mlandu udatha ndi mbuzi, manda adakumbidwa dzuwa litapendeka, ndipo amayi tidalowa n'kuyimba usiku wonse ngati palibe chidachitika, chifukwa mwanayo sadalakwe kanthu. Sindikuyamikira zimene adachita anyamata aja, mtima udandipweteka. Koma kuyambira pamenepo mayi wa m'nyumbamo ndiye ankayamba kufika pasiwa, ndipo adadzakhala msungichuma wa amayi a m'mudzi.

Pali chinanso chimene kapepala ka chidindo sikangakuuze. M'madera ambiri a chigawo chapakati malo ndi a mbumba, amayenda kuchikazi. Amene akukugulitsayo mwina ndi malume mmodzi amene wapanikizika ndi ngongole, alongo ake osadziwa. Iwe udzamanga, udzabzala mango, ndipo pakapita zaka adzatulukira ana a alongo aja kuti munda wa amayi athu mudaupeza bwanji. Milandu yotere yadzaza m'mabwalo a mafumu. Boma lidakhazikitsa lamulo la malo a makolo mu 2016, lakuti m'midzi mukhale makomiti oona za malo, mwa anthu ake mukhalenso amayi, ndi kuti munthu akhoza kulembetsa malo ake. Zimenezo n'zabwino, ndipo ku ofesi ya za malo kwa DC mukafikeko ndithu musanapereke ndalama. Koma pepala lisakulepheretseni kukhala pansi ndi mwinimbumba pamodzi ndi azimayi a pabanjapo, masana, anthu akuona, n'kuyenda nawo malire. Mayi wachikulire wa pabanjapo akakhala chete nkhope ili kumbali, musalipire tsiku limenelo.

Ndikuuzenso kuti kumudzi si kwa zii monga ukuganizira. Atambala amayamba usiku usanathe, chigayo chimalira tsiku lonse, ng'oma zikayamba nyengo yokolola itatha zimafika m'bandakucha. Pa ma trading centre ena masiku ano zimkuzamawu za m'mabala zimaposa za ku Area 25 komweko, makamaka tsiku la msika. Ndipo anthu adzabwera pakhomo pako osakuimbira foni. Wina adzapempha moto, wina mchere, wina adzangokhala pakhonde kukuonera ukuchapa. Adzabwera a komiti ya mjigo kudzatolera ya mwezi, adzabwera a chitukuko kuti Lachiwiri tikuumba njerwa za sukulu. Amuna akowo adzati ali pa kompyuta, ali pamsonkhano ndi azungu. Atseke kompyutayo ola limodzi, akaponde dothi ndi anzawo. Kutumiza waganyu m'malo mwawo kumaloledwa, koma anthu amaona.

Usachite mantha, mwana wanga. Anthu akumudzi sayembekezera kuti udziwe zonse. Ukalakwitsa kugwada adzaseka n'kukuphunzitsa, ndipo mlendo wofunsa amamukonda. Ana ako ndiwo adzayambe kuzolowera. Sabata isanathe adzakhala akudya m'nyumba zisanu, akubwera ndi mapazi oyera ndi fumbi, akudziwa kutchera ziwala ndi kuumba ng'ombe zadothi. Uwaphunzitse kupereka moni ndi manja awiri, kulandira chinthu atanjuta, ndi kuyankha "wawa" kapena "ee" mkulu akaitana, osati "chani". Chizungu chawocho asachisiye, koma pabwalo la mfumu chisatuluke. Mayi wina akawakalipira poti akwera mtengo wa eni, usathamangire kukayambana naye. Wakuthandiza kulera.

Mukanakhala ana anga obala ndekha ndikanati musagule msanga. Pezani nyumba ya lendi pafupi ndi mishoni kapena pa boma, mukhale dzinja limodzi ndi chilimwe chimodzi. Kalata ya kumpingo mutenge, muipereke Lamulungu loyamba, akuimikeni kutsogolo anthu akuoneni nkhope. Iwe ulowe m'gulu la amayi, kaya ndi a Chigwirizano kaya a mphakati, ndiwo adzakuuze malo amene ali ndi mkangano ndi mfumu imene imagulitsa puloti imodzi kwa anthu awiri, pakuti ziliko, sindingakubisire. Maliro oyamba kugwa mutafika, ngakhale womwalirayo simukumudziwa, utenge chitenje chakutha ndi mtolo wa nkhuni, ukagone komweko. Amuna ako akakhale pamoto ndi amuna anzawo, m'mawa aperekeze kumanda.

Kwa mfumu musadikire kuti akuitaneni. Funsani mkulu wa mpingo kapena mwini nyumba yanuyo kuti akuperekezeni sabata yoyamba yomweyo, ngakhale muli a lendi chabe. Shuga ndi sopo mukhoza kuwonjezera, kandalama pang'ono m'mbale sikalakwika. Koma nkhuku ikhale yachikuda, yamoyo, yomanga miyendo ndi luzi. Ya m'firiji ija ya m'pepala la pulasitiki musayerekeze kupita nayo.