WSJT-X ikukana pa Ubuntu 16.04: glibc musaikhudze

Achimwene, mwati laputopu yanu ndi ya 32-bit, RAM yake ndi 2 GB, ili ndi Ubuntu 16.04, ndipo mukufuna kuyendetsapo WSJT-X ndi fldigi, mapulogalamu otumizira ndi kulandirira mauthenga a digito pa wailesi ya amateur. Fayilo ya .deb yakana, ikudandaula za GLIBC, ndiye mutayesa kupanga compile nokha CMake, chida chokonzekeretsa compile, nayo yakubwezani. Mukufunsa ngati mungokweza glibc, laibulale yaikulu ya C ya pa Linux. Ayi, chonde, imeneyo isiyeni momwe ilili. Pafupifupi pulogalamu iliyonse m'kompyutamo, ngakhale ls ndi apt, imatsamira pa glibc, moti ikasokonekera mudzapeza kuti zida zomwe mukanakonzera nazo zafa limodzi. Uthengawo ukungonena kuti .deb ija anaimangira pa Linux yatsopano, pomwe 16.04 inaima pa glibc 2.23.

Ndikanakhala ine, laputopuyo ndikanaisunga koma Ubuntu ndikanachotsa n'kuikapo Debian 12 ya i386 yokhala ndi desktop yopepuka ya Xfce kapena LXQt. Vuto lanu si makina, ndi zimene zili m'katimo: 16.04 inabwera ndi compiler ya gcc 5.4, CMake 3.5.1 ndi Qt 5.5.1 (laibulale yopangira mawindo a WSJT-X), ndipo chithandizo chake chaulere chinatha mu 2021. Debian 12 inatuluka mu 2023 ndipo wsjtx, fldigi ndi Hamlib 4 (laibulale yothandiza mapulogalamu kulamulira wailesi) zili kale m'nkhokwe yake. Mukangolemba apt install wsjtx fldigi, nkhani yatha. Muonetsetse kuti mwatenga 12, chifukwa Debian 13 ya 2025 inasiya kupereka installer ya 32-bit.

Mwina wina akuuzani kuti mungotenga WSJT-X yakale yogwirizana ndi makinawo. Pamenepa pali msampha. FT8, njira yotumizira mauthenga ya mu WSJT-X, inayamba mu 2017, koma mu December 2018 WSJT-X 2.0 inasintha kapangidwe ka uthenga kukhala wa ma bit 77, ndipo za m'mbuyo mwake sizimvana nayo. Mukaika 1.9, pa 14.074 MHz mudzaona timizere tambirimbiri pa waterfall (chithunzi cha masiginolo) koma osatuluka callsign (dzina la siteshoni) ngakhale imodzi, n'kuyamba kukayikira mlongoti wosalakwa. Fldigi ndiye ilibe zimenezi. Njira zake za PSK31 ndi RTTY sizinasinthe, choncho ya zaka zingapo zapitazo imalankhulana bwinobwino ndi yatsopano.

Ngati pali chimene chikukukakamizani kukhalabe pa 16.04, chabwino, koma zonse muzimangira m'foda yanu, osati mu /usr. Tsegulani mizere ya deb-src mu sources.list, mulembe sudo apt update kenako sudo apt build-dep fldigi, ikubweretsereni FLTK, PortAudio, libsamplerate ndi zina. Muyambe ndi Hamlib: ./configure --prefix=$HOME/ham, kenako make ndi make install, popanda sudo. Mukamadzamanga fldigi, muloze PKG_CONFIG_PATH ku $HOME/ham/lib/pkgconfig, apo ayi idzatola Hamlib yakale ya Ubuntu mwakachetechete, inu n'kumadabwa kuti wailesi yanu siikuoneka pamndandanda. Poyendetsa, LD_LIBRARY_PATH iloze ku $HOME/ham/lib. Ubwino wake, zikavuta mungofufuta foda imodziyo, kompyuta n'kutsala yosakhudzidwa.

WSJT-X ndiye yotopetsa. Imafuna gfortran, FFTW ya single precision, Boost, libusb ndi zigawo za Qt 5 monga multimedia ndi serialport. CMake yatsopano mutha kuimanga nokha ndi ./bootstrap --prefix=$HOME/ham, imeneyo si nkhani. Koma ikakana Qt yanu, ine ndimati imirani pomwepo. Kumanga Qt pa makina a 2 GB kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, nthawi imeneyo mukanaika Debian kalekale.

Pa RAM yochepa chonchi musatengere za make -j4 zomwe mumaziona m'malangizo ambiri. Ingolembani make basi. Mukaona "internal compiler error: Killed (program cc1plus)", compiler ilibe mlandu, ndi kernel yomwe yaipha chifukwa memory yatha. Tsekani browser, onjezerani swap ya 2 GB, mubwereze make, ipitiriza pomwe inalekera.

Ikamangika, zotsalazo n'zimene zimavutitsa anthu ngakhale pa makina atsopano. Dzina lanu likhale m'gulu la dialout, ndipo mutuluke n'kulowanso kuti zigwire, apo ayi /dev/ttyUSB0, polowera chingwe cha wailesi, idzati Permission denied. Ndi bwino kusankha dzina la mu /dev/serial/by-id, chifukwa ttyUSB0 imatha kusanduka ttyUSB1 mukangozula chingwe n'kubwezera. Ngati mukugwiritsa ntchito rigctld, pulogalamu ya Hamlib yolamulira wailesi, dziwani kuti Hamlib 4 inasintha manambala a mawailesi: FT-817 inali 120, pano ndi 1020, IC-7300 inali 373, pano ndi 3073. Onani yanu ndi rigctl -l. Ndipo rigctld ikangoyaka pa port 4532, mapulogalamu onse awiri atha kudzera pomwepo m'malo molimbirana chingwe chimodzi.

Wotchi nayo musaiiwale. FT8 imayenda m'zigawo za masekondi 15 ndipo imafuna kuti nthawi ya kompyuta isasiyane ndi UTC kupitirira sekondi imodzi. Malaputopu akale ambiri kabatire ka CMOS kanatha mphamvu, choncho ikani chrony kapena ntp, ndipo muziyang'ana gawo la DT mu WSJT-X, loonetsa kusiyana kwa nthawi yanu ndi ya masiteshoni ena. Manambala onse akamapendekera mbali imodzi, wotchi yolakwika ndi yanu. Komanso purosesa yofooka imatha kuchedwa kumasulira mpaka chigawo china kuyamba, ndiye mu menyu ya Decode sankhani Fast, osati Deep.

Mukasankha zopanga compile n'kukakamira penapake, titumizireni mzere woyamba wolembedwa error pamodzi ndi zimene uname -m ndi gcc --version zikuonetsa. Mizere yomaliza ija ya "make: *** Error 2" sithandiza, imangotiuza kuti chinachake chinalakwika pamwamba.