Pa mamita 100 zipolopolo zikulowa bowo limodzi, pa 900 zikumwazika: ndigule sikelo yodula?

Imelo iyi yachokera kwa achimwene ena ake a ku Pretoria. Ali ndi laisensi ya mfuti, analowa kalabu yowombera chandamale patali ndipo amapikisana mu F-TR ndi .308 Winchester. Zipolopolo amapanga okha kunyumba. Akuti pa mamita 100 zonse zimalowa pafupifupi bowo limodzi, koma akafika pa 900 zina zikugwera mmwamba zina mmunsi, nde anzawo apakalabu akuwauza kuti agule sikelo yoyezera onga ya A&D FX-120i vuto litha. Akufunsa ngati nzoona.

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Sikeloyo njabwino, sindikukana, koma inuyo panopa simukudziwa chomwe chikuvuta, ndipo chida choti chikuuzeni ndi chronograph, kamakina koyeza liwiro la chipolopolo chikamatuluka mumpope. Kaya ndi Garmin Xero, LabRadar kapena MagnetoSpeed, ngakhale yobwereka kwa mnzanu zilibe kanthu. Yambani ndi chimenecho.

Kwa enanu amene masewerowa simuwadziwa: F-Class inayambira ku Canada, ndipo F wakeyo ndi wa George Farquharson amene ankafuna kuti anthu okalamba, maso atayamba kufooka, apitirize kupikisana pogwiritsa ntchito sikopu ndi chotsamizirapo mfuti. Mu F-TR, lomwe ndi gawo limodzi la F-Class, amangolola zipolopolo za .223 Remington ndi .308 Winchester, mfuti ikhale pa bipod (chotsamizira cha miyendo iwiri), ndipo zonse pamodzi zisapyole makilogalamu 8.25. Mpikisano wa dziko lonse unachitikapo ku Bloemfontein mu 2005 komanso mu 2023, kotero achimwenewa ali pamalo pomwe akadaulo alipo ambiri.

Tsono chifukwa chomwe pa 100 simukuona kanthu ndi ichi. Chipolopolo chimafika pa mamita 100 mu kachigawo kamodzi mwa magawo khumi a sekondi, kapena kupyolapo pang'ono, nthawi yoti chigwe palibe, moti ziwiri zosiyana liwiro ndi 20 fps (mafiti 20 pa sekondi) zimasiyana malo ogwera ndi milimita pafupifupi imodzi yokha. Pa 900 chimauluka pafupifupi sekondi imodzi ndi theka ndipo chimagwa mamita angapo, ndiye 20 fps yomweyo imasanduka masentimita 12 kapena 13 mmwamba kapena mmunsi. Kumbukirani kuti V-bull, kabwalo kapakati penipeni, ndi ka masentimita pafupifupi 13 basi, ndipo bwalo la mapointi 5 ndi pafupifupi 25. Ndiye mutha kugwira mfuti bwinobwino, mphepo mwaiwerenga molondola, koma chipolopolo nkukagwera pa 4 chifukwa choti chinatuluka mochedwerako.

Mukapeza chronograph musawombere zitatu nkuyamba kusangalala ayi. Womberani 20 za mtundu umodzi, monga mmene mumachitira pampikisano. Makinawo akupatsani manambala awiri. ES ndi kusiyana kwa chothamanga kwambiri ndi chochedwa kwambiri, pamene SD imaonetsa mmene zonse zamwazikira kuchoka pa avereji. Ine ndimakhulupirira SD kuposa ES chifukwa ES imangokula mukamawonjezera zipolopolo, ndipo pa zipolopolo 20 imakhala pafupifupi kanayi kuposa SD. Kutanthauza kuti SD ya 10 ndiye kuti ES ili cha m'ma 35 mpaka 40, bwalo lonse la 5 latha pamenepo. Anthu a F-Class amalimbana kuti SD ikhale pansi pa 10, ochita bwino amakhala cha pa 5 kapena 6.

Apa ndi pomwe nkhani ya sikelo imalowa. Mu .308 kagawo ka 0.1 grain (muyeso wa kulemera) ka onga kamasintha liwiro ndi 5 kapena 6 fps. Sikelo wamba zamagetsi ngati ChargeMaster zimayeza mpaka 0.1 grain, pamene FX-120i imafika pa 0.02, komwe kuli pafupifupi kulemera kwa kanjere kamodzi ka onga wa Varget. Ndiye ngati SD yanu ili pa 8 ndipo mukufuna ifike pa 6, eya, sikelo ikhoza kuthandiza. Koma ikakhala pa 15 kapena 20, si sikelo imeneyo, sikelo singakuphonyetseni chonchi pokhapokha ngati ili yowonongeka kapena mukuyezera pafupi ndi fani kapena windo lotsegula. Kugula sikelo yodula makesi (timabotolo ta brasi momwe mumalowa onga) ali osokonezeka kuli ngati kugula matayala atsopano njinga ili yopindika felemu.

Makesi ndi pomwe ndikukayikira kwambiri, chifukwa mu imelo mwanena kuti ena munagula atsopano ena munapatsidwa ndi mnzanu. Zimenezo zisiyeni lero lomwe. Makesi a makampani osiyana amasiyana kukhuthala, ndiye malo a mkati amasiyananso, onga wofanana ukapsa mmalo osiyana presha imasiyana, liwironso chimodzimodzi. Gulani a kampani imodzi, a loti imodzi, ambiri mu F-TR amakonda Lapua, ndipo aziyendera limodzi: onse awomberedwe kamodzi, onse kawiri, osati ena kasanu ena kamodzi mubokosi limodzi. Lembani pabokosipo.

Chachiwiri ndi khosi la kesi, pomwe pamagwira bulleti, mutu wa chipolopolo womwe umauluka. Brasi ikamawomberedwa ndi kufinyidwa mu die (chitsulo chobwezera kesi pa saizi yake) mobwerezabwereza imalimba, ndipo makosi salimba mofanana, ndiye ena amagwira bulleti zolimba ena mofewa. Mutha kuzimva ndi dzanja. Mukamatsitsa chigwiriro cha puresi kuti bulleti ilowe, ina imalowa myaa ngati palibe chogwira, yotsatira mumachita kukankha ndi mphamvu, ndipo ziwiri zimenezo sizingatuluke pa liwiro limodzi. Zachilendo zotere muziziika pambali zikhale za sighter (zoyesera, zosawerengedwa mapointi) kapena zophunzirira. Mankhwala ake ndi annealing, kutenthetsa khosi ndi phewa kuti brasi ifewenso, ena amachita ndi makina a AMP a ku New Zealand ena ndi lawi la gasi, koma kutentha kusafike kumunsi kwa kesi, kumeneko kukafewa ndi ngozi. Kenako gwiritsani ntchito bushing die kapena mandrel, zida zokonzera kukula kwa khosi, kuti mkati mwa khosi muchepe ndi mainchi 0.002 poyerekeza ndi bulleti, onse mofanana.

Phewa nalo libwezeni mmbuyo ndi mainchi 0.002 okha, muyeze ndi kachida kotchedwa comparator pa kesi yomwe yawomberedwa mumfuti yanuyo, osati kungomanga die mpaka pansi. Kutalika kwa kesi ya .308 kusapyole mainchi 2.015, mabuku amati muzidula pa 2.005. Kesi ikatalika kwambiri mlomo wake umakapanikizika kutsogolo kwa chemba nkufinya bulleti, presha imakwera mwadzidzidzi.

Praima, kachitsulo kakumunsi kwa kesi koyatsa onga: mtundu umodzi, loti imodzi, ikhale pansi pathumba lake, yolowa pang'ono kupyola pamwamba pa kesi. Ikayamba kulowa popanda kulimba konse kesi imeneyo yatha, itayeni.

Za onga sindikupatsani nambala ya magrain, ndipo munthu wapa Facebook kapena wapakalabu akakupatsani yake musaithire mumfuti yanu, chemba chake ndi mpope wake si zanu. Tengani buku la kampani yomwe inapanga ongawo, kaya ndi Somchem ya konko ku South Africa, Vihtavuori ya ku Finland kapena Hodgdon, muyambire pa mlingo woyambira womwe alemba nkumakwera pang'onopang'ono. Bolt ikayamba kulimba potsegula, kapena mwaona kachidindo kowala ka ejector (kachitsulo kotulutsa kesi) kumunsi kwa kesi, kapena praima yaphwatalala, imani pomwepo mubwerere mmbuyo. Mukasintha loti ya onga yambiraninso pansi pang'ono chifukwa maloti amasiyana. Ndipo patebulo pazikhala chitini chimodzi chokha cha onga, onga wa pisitoli ukalowa mukesi ya mfuti yaitali umaphulitsa mfutiyo mmanja mwanu.

Chomwe chimapweteketsa anthu ambiri a .308 ndi kuthamangitsa liwiro, poti amafuna bulleti ifike pa 900 isanafooke komanso kuti mphepo isaikankhe kwambiri. Nzomveka, koma lodi (mlingo wa onga) yomwe munaipeza mu June kukuzizira, ili kale pafupi ndi malire, mukapita nayo ku Bloemfontein dzuwa la March likuswa mtengo ikhoza kupyola malirewo. Bola mutaye 30 fps mukhale ndi lodi yosasinthasintha. Bokosi la zipolopolo lizikhala pamthunzi, ndipo musamasiye chipolopolo mu chemba chotentha mukudikira mphepo kuti itsike, chimatenthedwa momwemo nkutuluka mothamanga, kenako mudzati vuto ndi sikelo.

Za kuya kwa bulleti anthu amakangana mpaka usiku. Chofunika nchoti muziyeza kuchokera kumunsi kwa kesi kufika pa ogive, pomwe bulleti imayambira kuwonda, osati pansonga, chifukwa nsonga za Berger kapena Sierra MatchKing zimasiyana kutalika ngakhale mubokosi limodzi. Yambirani pa mainchi 0.020 isanakhudze mizere ya mumpope, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha onga, praima ndi kuya tsiku limodzi zinthu nkuyenda bwino, simudziwa chomwe chathandiza. Mpope nawonso umatha, kukhosi kwake kumadyeka pang'onopang'ono, ndiye muziyezanso pakapita zipolopolo mazana angapo.

Pang'ono za malamulo poti muli ku South Africa. Firearms Control Act ya 2000 imalola mwini laisensi kudzipangira zipolopolo za mfuti yake yomwe ili pa laisensiyo, osati zogulitsa, ndipo pali malire a zipolopolo 200 ndi mapraima 2400 pa mfuti iliyonse pokhapokha mutakhala dedicated sport shooter, wolembetsedwa ngati wamasewero owombera. Ngati simunalembetse, funsani akomiti apakalabu, 200 pampikisano wa masiku angapo sizichedwa kutha. Amene mukuwerenga muli maiko ena, malamulo ndi osiyana, funsani apolisi oona za mfuti kwanuko musanagule chilichonse.

Ndiye chitani chonchi. Pangani 20 ndi makesi atsopano a loti imodzi, pogwiritsa ntchito sikelo yomwe muli nayo kaleyo, muwombere pa 900 chronograph ili pambali, ndipo pa chipolopolo chilichonse mulembe liwiro lake ndi pomwe chagwera. Ngati zothamanga zikugwera mmwamba zochedwa mmunsi, vuto lili muzipolopolo, ndipo SD ikuuzani ngati nthawi ya sikelo yakwana. Koma ngati liwiro lili lofanana komabe zikumwazika, yang'anani bipod, thumba lakumbuyo, mmene phewa lanu likukanikizira mfuti, komanso mphepo yochokera kutsogolo kapena kumbuyo. Munditumizire manambala onse 20wo, osati avereji yokha, tione limodzi.