Chiliza cha agogo oyimba: yambani mwaphunzira nyimbo zawo

Funso la sabata ino lachokera kwa achinyamata a kwaya ina ku Katete. Akuti agogo awo, mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa Reformed Church in Zambia, anatisiya chaka chatha ali ndi zaka 93, ndipo kuyambira ali mtsikana ndiwo ankayambitsa nyimbo m'tchalitchi ndi pamaliro. Tsopano banja likumanga chiliza. Achinyamatawa akufuna kubwereka masipika ndi kiyibodi, kusindikiza nkhope ya agogo pa malaya, ndi kuonetsa mwambo wonse pa Facebook. Akuluakulu akuti chimenecho n'chipongwe. Ndiye akufunsa ngati alakwa pofuna kusangalala.

Ana anga, pa kusangalalako simunalakwe. Salimo 90 limati zaka za munthu ndi 70, akakhala wamphamvu 80, ndipo agogo anu anapyola pamenepo. Paulo sanaletse Atesalonika kulira, anangoti asalire ngati anthu opanda chiyembekezo. Makolo athu nawonso, pakapita nthawi maliro atachitika, ankafulula mowa wa bona, anthu n'kudya, n'kuvina. Mpingo unakana mowawo, koma sindinamvepo kuti unakana nthungululu. Pa chiliza misozi yoyamba imakhala itauma kale.

Chimene chandidetsa nkhawa ine n'china. M'kalata yanu mwatchula masipika, malaya ndi foni, koma nyimbo imene agogo ankaikonda simunatchule ngakhale imodzi. Kodi mukuzidziwa?

Ndikuuzeni ntchito imene ankagwira, chifukwa inu obadwira pa kiyibodi mumaiona ngati yaing'ono. Uthenga wa mpingo wanu unafika kuno kudzera ku Magwero mu 1899, ndi amishoni a Dutch Reformed ochokera ku South Africa, kenako unafalikira ku Madzimoyo, ku Nyanje ndi m'midzi yozungulira. Agogo anu anabadwa Chipata akutchedwabe Fort Jameson. Baibulo lathunthu m'chinenero chathu linali litangotuluka kumene mu 1922, mabuku anali osowa, ndipo atsikana ofika patali ndi sukulu anali owerengeka. M'matchalitchi a kumudzi munalibe limba. Abusa kapena mkulu wa mpingo akatchula nambala ya nyimbo, mpingo wonse unkadikira pakamwa pa munthu mmodzi.

Munthu ameneyo ankayenera kuipeza nyimbo pamalo pake penipeni. Akaiyamba pamwamba kwambiri, amayi amafika pa ndime yachitatu mmero utauma. Akaitsitsa, abambo a besi amangong'ung'udza osamveka mawu. Akaithamangitsa, nkhalamba zimatsalira. Akaikoka, mpingo umawodzera. Ndipo poti ambiri sankatha kuwerenga, iye ankaponya mawu a mzere wotsatira anthu asanamalize umene akuyimba, kuti wina aliyense alowe nawo. Zonsezi popanda pepala m'manja, nthawi zina mwana ali kumsana. Pasiwa ndiye panali mayeso enieni. Abambo ali panja pamoto, amayi ali m'nyumba pamphasa, ndipo nyimbo siziyenera kuduka mpaka tambala atalira. Woyambitsa ankadziwa kuti iyi ndi ya pamene ofedwa akulira kwambiri, iyi ndi ya pakati pa usiku anthu akayamba kusinza, iyi ndi ya ponyamula chitanda. Zimenezo palibe buku limene zinalembedwa.

Sindikunyoza zida zanu ayi. Miriamu, mlongo wake wa Aroni, anatsogolera akazi anzake ndi lingaka m'dzanja, ndipo anzathu a Katolika analowetsa ng'oma ndi zisekese mu Misa utatha msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965, tchalitchi sichinagwe. Koma mukumbukire chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima maola ambiri patsiku. Kwaya imene imadikira kiyibodi kuti iipatse poyambira, magetsi akathima imangoyang'anana. Agogo anu akanangotsokomola kamodzi n'kuyamba.

Ndiye musanalipire mwini masipika, chitani ichi. Funafunani amayi amene ankayimba nawo, amene adakali moyo. Mwina atsala awiri kapena atatu, ndipo mutu umodzi wotere ukapita, zimapita ngati nkhokwe yapsa ndi mbewu zake. Musapite chimanjamanja. Tengani shuga, sopo kapena kankhuku, mugwade polonjera, mukhale pansi pamphasa, muwapemphe akuyimbireni mmene agogo ankayimbira. Apa ndiye foni ija igwire ntchito: jambulani mawu awo, mutawapempha kaye. Koma musangosunga m'foni. Bwererani mobwerezabwereza mpaka mmodzi wa inu athe kuyambitsa nyimbozo yekha, iwo atavomera ndi mutu. Akakudzudzulani kuti mwaipotoza, musanyanyale. Anthu a mbadwo umenewo sankanyengerera pa nyimbo, ndipo ndikhulupirira agogo anu analinso chimodzimodzi.

Pa tsikulo, nyimbo zoyamba kumanda ziyimbidwe ndi pakamwa pokha, amayi a Chigwirizano ali patsogolo m'mayunifomu awo. Kiyibodi ndi magule anu zidikire kunyumba, mapemphero atatha, anthu akudya. Kumanda atsikana mumange chitenje, anyamata muvule zipewa.

Wowerenga mbiri asaidzaze ndi mawu amene timamva pamaliro alionse, akuti anali wabwino, sankayambana ndi munthu. Munthu wa zaka 93 anayambanapo ndi anthu, ndipo amene ankadziwa agogo adzamwetulira mukanena zoona: kuti ankayang'ana moopsa mwana woseka m'kwaya, kuti ankayenda usiku wamvula kupita kumaliro a munthu wa mpingo wina, ngati zinali choncho. Funsani ana awo, funsani abusa, mulembe zimene zinachitikadi. Luka pokamba za Anna, mneneri wamkazi wokalamba uja, sanachulutse zomutamanda. Ananena kuti sankachoka kukachisi, ankasala kudya ndi kupemphera usana ndi usiku, ndipo mpaka lero tikumudziwa.

Za malaya ndinena mosabisa: ine sindizikonda. Miyezi ikapita nkhope ija mudzaipeza kumowa, kapena ikukolopa pansi. Ndalama zomwezo zikhoza kugula mabuku a nyimbo a tchalitchi chawo, mkati mwake n'kulembamo dzina la agogo. Koma amenewo ndi maganizo anga chabe, si lamulo la mwambo.

Za Facebook zili ndi eni ake. Kwathu kuno nkhani ya manda imadutsa kwa amalume, eni mbumba, ndiponso kwa amfumu amene manda ali m'dera lawo. Tumani wamkulu mwa inu akawafotokozere kuti pali abale ku Lusaka ndi ku Kitwe amene sangathe kubwera, ndipo akufuna kuona nawo. Akalola, wojambula akhale mmodzi, aime patali, asaloze foni pankhope ya munthu amene akulira kapena pamanda a mabanja ena. Akakana, jambulani za kunyumba zokha, muwatumizire abalewo madzulo.