Chigamulo cha ku Lilongwe chafika nanu ku Leeds, koma khoti la ku England silinalankhulepo

Mayi,

Pepani ndi imfa ya mng'ono wanu. Mwalemba kuti anamwalira pamene mwana wake wamkazi anali ndi chaka chimodzi, mwanayo n'kutsala m'manja mwa agogo ake ku Dedza. Inu mumakhala ku Leeds ndipo muli ndi unzika wa Britain. Chaka chatha Bwalo Lalikulu ku Lilongwe linakupatsani mwanayo kuti akhale wanu mwalamulo, bambo ake atasaina kuvomereza. Izi zisanachitike munafufuzidwa ndi bungwe la kuno loona za kutenga ana, a Department for Education n'kukupatsani satifiketi. Mwana ali ndi zaka zitatu tsopano, ndipo atha masabata asanu chifikireni. Chakukhumudwitsani n'choti a sosho a kukhonsolo akubwerabwera pakhomo ngati simuli mayi wake, kunasale akufunsa amene ali ndi mphamvu yosainira mwana, ndipo abale a bambo ake ayamba kuimba foni kuti mwana abwerere.

Ndiyambe ndi chimene chimapweteka ambiri akachimva koyamba. Chigamulo cha ku Lilongwe n'chenicheni, ndipo ku Malawi inu ndinu mayi wa mwanayo popanda wotsutsa. Koma lamulo la England silichivomereza pachokha. Pali pangano la mayiko la ku Hague la 1993 lokhudza kutenga ana kuchoka dziko lina kupita lina, ndipo Malawi sili m'panganolo. Zambia inalowamo mu 2015. Kale vutoli kunalibe, chifukwa mndandanda umene Britain inalemba mu 1973 wa mayiko amene zigamulo zawo zinkavomerezedwa unali ndi dzina la Malawi. Mndandandawo unalembedwanso mu 2013, watsopanowo n'kuyamba kugwira ntchito pa 3 Januwale 2014, Malawi mulibe. N'chifukwa chake mumamva anthu a kutchalitchi akunena kuti uje anabweretsa mwana wa mlongo wake popanda kupitanso kukhoti. Sakunama, koma akunena za nthawi imene inapita.

Kwa inu izi zikutanthauza kuti muyenera kupempha chigamulo china ku Family Court ya kuno, pansi pa lamulo la Adoption and Children Act la 2002. Munachita bwino kwambiri kufufuzidwa musanamubweretse. Gawo 83 la lamuloli limati munthu wokhala kuno amene wabweretsa mwana kuti adzamutenge, kapena amene anamutenga kunja miyezi 12 isanathe, osatsata njira imeneyi, wapalamula mlandu umene chilango chake chingafike miyezi 12 ya ndende. Kukhala mayi wamkulu wa mwana sikupulumutsa munthu pamenepa, ngakhale kwathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako basi, chinthu chosafunika n'kuchifotokoza komwe.

Ndondomeko yake ili chonchi. Mwana akalowa m'dziko muno muli ndi masiku 14 oti mulembere khonsolo ya kumene mukukhala kuidziwitsa kuti mukufuna kudzapempha khoti. Popeza a sosho akubwera, ndikuona kuti kalatayo munapereka, koma fufuzani kope lake lokhala ndi deti ndi yankho la khonsolo, chifukwa masiku ena ofunika amawerengedwa kuchokera pamenepo. Ikalandira kalata, khonsolo imakakamizidwa ndi lamulo kudzakuonani sabata isanathe, kenaka sabata iliyonse mwezi woyamba, pambuyo pake maulendo amachepa. Choncho wa sosho amene akubwera uja sanatumidwe ndi munthu wokunenezani. Akuchita zimene malamulo a 2005 okhudza ana ochokera kunja amamulamula, ndipo lipoti limene adzalembe ndi limene jaji adzalidalire kwambiri. Pempho lenileni mudzalipereka pa fomu ya A60 mwana akakhala nanu miyezi 6. Mukanakhala kuti simunatsate njira ija, ikanakhala miyezi 12. Payeneranso kupita miyezi itatu kuchokera pamene munadziwitsa khonsolo, ndipo zisapitirire zaka ziwiri, kupanda apo muyambiranso. Ndaonapo mabanja akuzengereza poti mwana ali kale m'nyumba ndipo akudya bwino, viza yake n'kutha iwo osadziwa. Onani lero deti limene chilolezo chake chokhalira muno chikuthera, mulilembe pamalo oonekera.

Pali njira ina imene loya wina angakutchulireni: kupempha High Court ya kuno kuti ivomereze chigamulo cha ku Malawi chomwecho, potsata mfundo za mlandu wa Valentine wa 1965, umene unakhudza ana otengedwa ku South Africa ndi banja lokhala ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Imafuna umboni woti panthawi ya chigamulo kwanu kwenikweni mwalamulo kunali ku Malawi. Kwa inu sindikuilimbikitsa, pa chifukwa chimodzi chachikulu: siipatsa mwana unzika payokha. Pamene chigamulo cha khoti la kuno, popeza inu ndinu nzika, chimamusandutsa nzika ya Britain tsiku lomwelo, malinga ndi British Nationality Act ya 1981. Palibenso pempho lina la unzika, mumangopita kukafunsira pasipoti ndi satifiketi yatsopano imene a General Register Office adzatulutse.

Nanga pakadali pano, kunasale ndi kuchipatala muziti chiyani? Nenani zoona: ndinu womulera, muli ndi chigamulo cha ku Malawi, ndipo nkhani ili m'manja mwa khonsolo podikira khoti. Lamulo la Children Act la 1989 limalola munthu amene akusunga mwana kuchita zonse zoyenera pofuna kumuteteza ndi kumusamalira, ngakhale mphamvu zonse za kholo asanazilandire. Kumulembetsa kwa dokotala, kunasale, kumuthamangitsira kuchipatala akadwala, zonsezi n'zotheka. Pemphani wa sosho uja akulembereni kalata yaifupi yofotokoza mmene zinthu zilili, muziyenda nayo pamodzi ndi kope la chigamulo. Pakakhala nkhani yaikulu ngati opaleshoni yosakhala yadzidzidzi, mudziwitseni msanga.

Tsopano za abale a bambo ake. Mantha anu ndikuwamvetsa, koma foni si chigamulo. Kuchokera pamene munadziwitsa khonsolo, palibe munthu angamuchotse mwanayo m'nyumba mwanu popanda chilolezo cha khoti kapena mphamvu yochokera m'lamulo. Azakhali ake ndi abale ena a kuchimuna alibe mphamvu yokana kapena kuvomereza. Amene khoti lingafune kumva mawu ake ndi bambo, ndipo musadabwe jaji akalamula kuti adziwitsidwe za mlanduwu n'kufunsidwanso ngati akuvomerezabe. Akasintha maganizo, khoti lili ndi mphamvu yopitiriza popanda chilolezo chake ngati ubwino wa mwana ukufuna kutero, koma nkhani imatalika ndipo imafuna loya. Jaji angaganizirenso chigamulo chocheperako chotchedwa special guardianship, chimene chimakupatsani mphamvu zolera mpaka mwana atakwana zaka 18 osadula ubale wake walamulo ndi bambo. Chimenecho sichibwera ndi unzika.

Apa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Musatumize ndalama kwa bambo kapena abale ake kuti akhale chete. Malamulo a mayiko onse awiri amaletsa kupereka kapena kulandira malipiro chifukwa cha kutenga mwana. Kwathu timaona ngati kupepesa kapena kuziziritsa mitima, koma uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti "tumizani kangachepe tisiye kuvuta", wotsatiridwa ndi lisiti la ndalama, ukafika pamaso pa jaji umaoneka ngati malonda a munthu. Sungani mauthenga onse, musafufute ngakhale amwano, ndipo muuzeni wa sosho kuti mafoniwa akubwera. Akamva kwa inu zimakuthandizani. Akadzazitulukira yekha zimakuonongerani.

Komabe sindikufuna kuti muwatenge anthuwa ngati adani. Nthawi zambiri mkangano woterewu umayamba chifukwa wina sanauzidwe. Ku Dedza mwini mbumba ndi malume, ndipo a kuchikazi angaone ngati nkhani inatha pamene agogo ndi malume anagwirizana. A kuchimuna nawo amati magazi ndi athu, tinangomva kuti mwana wakwera ndege. Pemphani malume kapena ankhoswa amene anamanga banja la malemu apite akakhale nawo pansi, akawafotokozere kumene mwana ali, awaonetse zithunzi, agwirizane masiku oti bambo azimuona pa foni. Izi si ulemu chabe. Lamulo la 2002 limauza jaji kuti ayang'ane ubwino wa mwana pa moyo wake wonse, kuphatikizapo zimene adzataye akasiya kukhala wa m'banja limene anabadwira, ndi ubale wake ndi achibale. Mayi amene wafika kukhoti ndi dongosolo looneka la mmene mwana azilankhulira ndi agogo ndi bambo ake amaima pabwino kuposa amene watseka zitseko zonse.

Za ulendo wa kumudzi, dikirani kaye. Ndikudziwa kuti agogo amusowa, mwinanso pali mwambo womanga manda umene mukufuna mukakhalepo. Koma kutuluka naye chigamulo chisanaperekedwe kungasokoneze kuwerenga kwa miyezi ija, kungavute pobwerera ngati viza ili pafupi kutha, ndipo kumapereka mpata kwa amene akufuna kumukaniza. Zikakakamiza, funsani loya ndi khonsolo musanagule tikiti.

Musaiwalenso mbali ya ku Malawi. Werengani chigamulo cha ku Lilongwe mzere ndi mzere. Majaji a kwathu akamalola mwana kutuluka m'dziko amakonda kuikapo mfundo, monga kutumiza malipoti a mmene mwana akukulira ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu. Ngati mfundo yotere ilimo, itsateni pa nthawi yake, musunge umboni woti munatumiza. Lamulo lathu la kutenga ana limanena kuti wopempha akhale wokhala ku Malawi. Pa mfundo imeneyi Bwalo Lalikulu linamukanira Madonna mu Epulo 2009, kenaka Bwalo la Apilo n'kumulola mu Juni chaka chomwecho litamasulira mawuwo mofutukula, poika patsogolo ubwino wa mwana. Anthu ambiri okhala kunja apindula ndi chigamulo chimenecho, ndipo chikhulupiriro cha majaji chimasungika pamene amene anapatsidwa ana akusunga malonjezo awo. Ngati malemu anasiya nyumba, munda kapena ndalama za kuntchito, gawo la mwana litetezedwe pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, limene limaika kulanda chuma cha ana amasiye m'gulu la milandu. Pezani loya wa ku Malawi aone zimenezi padera. Pasipoti yake ya Malawi musailekerere. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika mu 2018 kulola Amalawi obadwa nawo unzikawo kukhala nzika za mayiko awiri, ndipo ofesi ya kazembe wathu ku London ingakuuzeni zofunika kulembetsa.

Mwatchula chakumapeto kwa kalata, ngati kanthu kakang'ono, kuti mwana akunyowetsa pogona, akukana chakudya ndipo amalira mukangotseka chitseko cha kubafa, ndipo mukuopa kuti a sosho akadziwa adzati mwalephera. Musabise. Kamwana kameneka kataya mayi, kenaka kasiya agogo amene kamagona kumsana kwawo, kasiya chinenero cha pabwalo, dzuwa, fungo la utsi wa kukhitchini. Sikangathe kunena kuti ndikulira maliro, thupi ndi limene likunena. Wa sosho aliyense wodziwa ntchito amayembekezera zimenezi, ndipo amada nkhawa kwambiri ndi nyumba imene akuti zonse zili bwinobwino. Lamulo lomwelo la 2002 limakupatsani ufulu wopempha khonsolo kuti iunike thandizo limene inu ndi mwana mukufunikira. Lipempheni polemba. Muphikireni phala ndi nsima zimene anazolowera, mumubereke ngati akufuna, mulankhule naye Chichewa. Chingerezi adzachitola kunasale mosavuta, koma Chichewa chikamuthawa adzakhala mlendo pa foni ya agogo ake.

Pa kalangidwe samalani. Ku Scotland kuyambira 2020 ndi ku Wales kuyambira 2022 kumenya mwana mwa mtundu uliwonse n'koletsedwa. Ku England lamulo limasiyabe kampata kochepa, koma chilichonse chosiya chizindikiro pathupi ndi mlandu, ndipo kwa inu amene mukudikira khoti ngakhale kambama kamodzi kangalowe mu lipoti. Uzaninso aliyense amene amakuthandizani kumusunga mukakhala kuntchito.

Funso lanu lomaliza, ngati mudzamuuze kuti si inu munamubereka, lamulo silikulamulani tsiku, koma jaji ndi wa sosho adzafunsa maganizo anu, ndipo chinsinsi choterechi sichisungika. Akadzakwana zaka 18 adzakhala ndi ufulu wofunsa mapepala a mmene anatengedwera, ndipo isanafike nthawiyo msuweni wina adzalankhula pa maliro kapena pa ukwati. Chichewa chakupeputsirani ntchito: ali ndi amayi amene anamubereka, amene anagona, ndi amayi aakulu amene akumulera, ndipo onse ndi amayi. Ikani chithunzi cha mng'ono wanu pamalo amene mwana angachifikire, muzimutchula dzina.

Chigamulo cha kuno chikangotuluka, lembani wilo yotchula munthu amene adzamulere ngati inu mutachoka iye asanakule, ndipo mukambirane ndi munthuyo komanso a kumudzi musanasaine. Pokakumana ndi loya wodziwa za ana ochokera kunja, mutenge chigamulo cha ku Lilongwe, chikalata chimene bambo anasaina, satifiketi ya imfa ya mayi ake, satifiketi yake ya kubadwa, lipoti la a zachisamaliro cha anthu a ku Malawi, satifiketi ya Department for Education, mapasipoti onse awiri ndi kalata ija munalembera khonsolo. Mukhale mutazisonkhanitsa mwezi wachinayi usanathe, kuti tsiku limene miyezi 6 ikukwana fomu ikhale italembedwa kale.