Kodi a payunivesite angathandize bwanji pakagwa tsoka?

Funso: Ndine wophunzira payunivesite ku Blantyre. Kodi ife ndi aphunzitsi athu tingathandize bwanji pakadzagwanso tsoka ngati namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023?

Yankho: Konzekerani mvula isanayambe, chifukwa munthu wosaphunzitsidwa akathamangira kumalo ngati Chilobwe, kumene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba, angathe kungowonjezera chiwerengero cha ofunika kupulumutsidwa. Pemphani akuluakulu a sukulu yanu aitane a Red Cross kuti adzakuphunzitseni chithandizo choyamba, ndipo gulu lanu lidziwike kukhonsolo, kuti lizigwira ntchito mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Ophunzira zaumoyo ngofunika kwambiri popewa kolera m'misasa. Aphunzitsi nawo asatsalire, pakuti ophunzira akamaliza maphunziro amachoka, pomwe iwo angapitirize kuphunzitsa obwera kumene chaka chilichonse.